Anawamanga ndi neti chifukwa chofunafuna mayi awo

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye amene mumatsatira zimene ndimalemba pano, kaya muli kuno kumapiri a Neno, kaya munapita kutali kukasaka moyo. Ine ndine Eneresi, kwathu ndi ku Ligowe, koma pa nthawi ya nkhaniyi ndinali ku chitengwa, kwa bambo a kunyumba cha ku Magaleta. Lero ndikufuna ndikuuzeni za achimwene anga a Lameki, amene anatha nyengo yozizira ali ndi chingwe kumwendo kuseri kwa nyumba ya malemu mayi athu, ndi m'mene Mulungu anawamasulira. Ndikuuziretuni kuti umboni wangawu si wonyengerera. Ena mwa anthu amene ndiwatchule amakhala mipando yakutsogolo m'tchalitchi, ndipo ulemu umene ndinali nawo pa iwo unathera pansi pa mtengo wa mapeyala.

A Lameki ndi aakulu kwa ine. Anabadwa ndi ulumali wa nzeru: thupi linakula, ndevu zinamera, koma kumvetsa zinthu kumawatengera nthawi, ndipo mawu awo ndi ochepa. Si amisala, ngakhale kwathu kuno zonse amaziika m'thumba limodzi n'kumangoti chidzete. Amasamba okha, amapalira mzere woongoka kuposa anyamata ambiri, ndipo pa kusenza dengu palibe wowaposa. Moyo wawo wonse unatsamira pa mayi athu. Mayi ankagulitsa mananchesi pamsika wa paboma, ndipo nyengo yake ikafika a Lameki ankawasenzera dengu, nthawi zina mpaka kumsewu, nthawi zina mpaka kumsika komweko. Tsiku limene atsala pakhomo, dzuwa likapendeka ankakakhala pa mwala wa pamphambano kudikira kuti mayi atulukire. Mayi sanawamangepo kapena kuwatsekera m'nyumba, ndipo wowatchula chidzete mayi akumva ankabwerera kwawo makutu akutentha.

Mayi anamwalira mananchesi atangoyamba kupsa, atadwala masiku ochepa chabe. Ine nthawi imeneyo ndinali chigonere kuchipatala, atandichita opaleshoni ya mwana wanga wachitatu, bala litavuta kupola. Maliro a mayi anga ndinawalirira pabedi la m'chipatala, khanda lili pambali. Amene anayendetsa zonse kumudzi ndi amalume athu a Sitifano, mlongo wawo wa mayi, eni mbumba, komanso mkulu wa mpingo. Anthu anandiuza kuti mwambo unayenda mwadongosolo: makwaya, nkhata zamaluwa, amalume atavala suti yawo yakuda n'kulankhula mawu ogwetsa misozi onena za kusamala amasiye. Kulankhula kokha amatha, zimenezo sindingawalande.

Nditapezako mphamvu ndinabereka khanda n'kupita kumudzi kukalira mayi anga. Ndisanalowe n'komwe m'nyumba ndinamva munthu akubuula kuseri. Ndinakapeza achimwene atakhala pa thumba pansi pa mtengo wa mapeyala, mwendo wamanja utamangidwa ndi chingwe chopota kuchokera ku neti ya udzudzu, nsonga inayo ili kumtengo. Netiyo ndinaizindikira, inali ya pabedi la mayi. Amene mumamangira mbuzi neti yopota mukudziwa kuti siduka, ndipo chomangidwacho chikakoka imadya mnofu. Pakakolo panali patatupa, ntchentche zitaunjikana. Pambali panali mbale yosatsuka ndi chitini chokodzeramo. Mbuzi za amalume zokha ndi zimene zinali ndi ufulu pakhomopo, zikungoyendayenda n'kumadya kholowa wa eni.

Amalume anandifotokozera ngati ali pa guwa. Anati maliro awazunguza mutu a Lameki, tsiku lililonse amathawira kumsewu, amaima pakatikati kuimitsa malole a mbatata ndi njinga zamoto n'kumasuzumira okwera, ndipo tsiku lina anawapeza kutali akulowera cha kuboma. Chingwecho, iwo anati, ndi chikondi, kuopa kuti angagundidwe. Akazi awo, amene timawatchula azakhali, anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndisayerekeze kutchula mayi pamaso pa achimwene, chifukwa akangomva amayamba kudzimenyetsa pansi. Poopa kuwawonjezera ululu, ndinamvera. Ndinaonanso kuti abale onse anali atameta monga timachitira maliro akatha, kupatula a Lameki okha amene tsitsi lawo linali lonselo. Nditafunsa, azakhali anati anakana lezala.

Ndinamasula chingwecho tsiku lomwelo, ndinawasambitsa bala ndi madzi amchere. Kutacha ndinapeza amalume amanganso, mfundo zake zowirikiza. Zinayenda choncho, ine kumasula, iwo kumanga, mpaka anandikumbutsa kuti ine ndi mwana, ndipo wokwatiwa kwina salamula pa mbumba ya eni. Bambo a kunyumba anabwera kudzayesa kulankhulapo, anauzidwa kuti mkamwini ntchito yake ndi kulima, osati kuweruza. Ndinayesa kuwatenga achimwene kuti tipite ku Magaleta, koma anagwira chitseko cha nyumba ya mayi ndi manja onse awiri n'kumangoti, “Ayi, ndidikira.” Sindinamvetse. Ndinkayesa ndi chisoni chabe chimene chikuwalankhulitsa.

Za anthu a m'mudzi nditi chiyani? Amayi a mpingo anabwera kudzapemphera atavala zoyera mbee. Anaima patali ndithu ndi mtengowo, anaimba nyimbo ya mtanda molongosoka mawu onse anayi, mmodzi atatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje, kenako analandira tiyi pakhonde n'kumapita. Panalibe ngakhale mmodzi anawerama kuona mwendowo. Ana ankawagenda achimwene ndi makoko a mananchesi, makolo awo akuonerera n'kumaseka. Awa ndi anthu amene achimwene ankawatungira madzi ndi kuwasenzera matumba a kuchigayo kwa zaka zambiri, malipiro ake zikomo, nthawi zina ngakhale zikomoyo osaperekedwa. Munthu ali ndi mphamvu zowagwirira ntchito anali a Lameki, atangolira anasanduka chidzete.

Amalume anapita kuchipatala chaching'ono cha kwathu kukapempha jekeseni yoti achimwene azingogona. Adokotala a kumeneko anakana. Anati munthu sagonetsedwa ndi mankhwala kuti ena apume, ndipo abwere naye kuti aone balalo ndi kumva chimene chikumuvutitsa. Amalume anabwerako akudandaula kuti ana a m'zipatala a masiku ano ndi amwano, ndipo achimwene sanawatengereko. M'malo mwake anapangana ndi mneneri wina wa kutsidya kwa mtsinje, wa aja odzidzoza okha. Kumsasa kwake anthu amawamanga ndi matcheni a njinga, amawamana chakudya ndi kuwakwapula kuti ziwanda zituluke. Ndinaonapo mtsikana wina amene anabwerako kumeneko. Anapita akulankhula, anabwera akungobisa nkhope munthu akakweza dzanja. Anapangana kuti a Lameki apita Loweruka, ndipo chopereka chake chikhala mbuzi ya mayi.

Abale anga, pamenepo ndinatheratu. Bala langa linali lisanapole bwino, mkaka unayamba kuchepa, ndipo ndinadziwa kuti achimwene akalowa kumsasa kuja, munthu wofatsa amene mayi analera sabwerakonso. Lachinayi masana ndinapita kudimba la mayi ngati ndikukathyola ndiwo, ndinagwada pakati pa mpiru wouma. Pemphero langa silinali laulemu ngati la m'tchalitchi. Ndinati, Ambuye, anthu anu ovala zoyera ndawaona, akulu a mpingo ndawaona, tsopano ndionetseni Inu. Ndinati tumizani aliyense, ngakhale munthu amene sindimufuna, bola achimwene anga asavale tcheni. Ndinadzuka popanda kumva kanthu, ndinabwerera kunyumba ndi mpiru wochepa m'manja.

Lachisanu m'mawa tinapeza chingwe chili chokha. Achimwene anali atachipekesa pa khasu lakutha limene linali pafupi mpaka chinaduka. Amalume anandiloza chala pamaso pa anthu kuti ndine ndawathawitsa. Anyamata anamwazikana, ena kumtsinje, ena kumsewu. Ine ndinayenda ndi khanda kumbuyo kufunsa khomo ndi khomo, ndikuona m'maganizo lole itaima ndi anthu ataunjikana. Tsiku lonse kunalibe wowaona.

Dzuwa litapendeka njinga yamoto inaima pabwalo. Pakati panali achimwene, akusenda nanchesi mwakachetechete, mwendo utakulungidwa ndi duku. Kumbuyo kwawo, atawagwira m'chiuno, kunali a Nasimango.

Ndikuuzeni za a Nasimango. Awa ndi mayi amene anagulitsa mananchesi moyandikana ndi mayi anga pamsika kwa zaka zambiri, ndipo zaka zonsezo ankakangana. Ankalimbirana makasitomala, ankalimbirana mthunzi, ndipo nyengo ina inatha yonse osapatsana moni chifukwa cha thumba loyala pansi. Mayi ankawatchula a Pakamwa. Amanunkhiza fodya wa m'mphuno, kutchalitchi amaonekera pa Khirisimasi ndi pa maliro basi. Ine ndinakula ndikuwada mayi amenewa chifukwa cha mayi anga. Nditawaona akutsika njinga ndinakumbuka pemphero langa la kudimba, ndipo ndinachita mantha.

Mphasa imene azakhali anayala sanakhalepo. Anaima pakati pa bwalo n'kufunsa, “Eti a Sitifano, munthuyu munamuuza chiyani za mayi ake?”

Amalume anakhosomola n'kuyamba za ulemu wa pakhomo pa eni, koma a Nasimango si munthu womudula mawu. Anafotokoza kuti anawapeza a Lameki pamsika atakhala pamalo pamene mayi ankayala mananchesi, mwendo ukuchucha magazi, akuthamangitsa mtsikana amene amagulitsapo tsopano. Anali atazungulira kale msika wonse kusuzumira m'mashedi. Atawakhazika pansi n'kuwafunsa bwinobwino, achimwene anayankha kuti, “Amalume anati amayi apita kuboma ndi mananchesi. Achedwa. Ndabwera kudzawasenzera dengu.”

Azakhali ndi amene anayamba kulira, ndipo zonse zinatuluka. Tsiku limene thupi la mayi linafika, amalume anawakweza a Lameki njinga kupita nawo kwa abale a ku Midzemba, poopa kuti akuwa, agubuduzika, agwira bokosi, ndipo achititsa manyazi pamaso pa abusa ndi alendo. Anawabweretsa maliro atatha, anthu atameta kale, n'kuwauza kuti mayi apita kukagulitsa mananchesi, abwera. Lezala sanaikane, panalibe amene anawapatsa. Ndipo amalume, m'malo mogwetsa nkhope, anatambasula manja n'kunena kuti, “Nanga chidzete chingamve chiyani za imfa? Timati chiiwala.”

Apa ndi pamene ndimafuna mumvetse, okondedwa. Anthu awa sanali osadziwa. Ankadziwa bwino lomwe chimene achimwene ankafuna kumsewu, chifukwa bodzalo analiphika ndi iwo omwe. Ankawaona akusuzumira m'malole, ankawamva akuti ndidikira, ndipo anaona kuti n'chapafupi kupota neti ya malemu n'kumanga mwana wake kusiyana n'kunena kuti tinanama. Anali okonzeka kuwapereka kwa wa matcheni kuti akawatulutse chiwanda, chiwandacho ali nacho ndi iwo m'thumba la suti. Ine anandiletsa kutchula mayi osati poopa kuti achimwene adzimenyetsa, koma poopa kuti bodza lawo lionekera. Ndinawayang'ana amalume anga tsiku limenelo, ndinaona kamunthu kakang'ono kwambiri.

A Nasimango anakoka fodya wawo n'kunena kuti, “Ine ndi malemu tinkatukwanizana, koma sitinkanamizana. Kapempheni chilolezo cha kumanda, mawa mwanayu akaone pamene pagona mayi ake.” Amalume anayesa kunena kuti kumanda sikulowedwa wamba popanda maliro. Bambo a kunyumba, mkamwini uja wongoyenera kulima, ananyamuka kupita kwa mkulu wa adzukulu, amene atamva nkhaniyo anavomera pomwepo n'kunena kuti atiperekeza yekha.

Wowauza achimwene ndinali ine. Loweruka m'mawa, tsiku lomwe lija anayenera kupita kwa mneneri, ndinakhala nawo pakhonde la mayi, a Nasimango ali mbali inayo. Ndinalankhula mawu afupiafupi. Ndinati, “Achimwene, amayi sali kuboma. Anadwala, amwalira. Anawaika m'manda.” Anandiyang'ana n'kufunsa, “Ngati abambo?” Bambo athu anamwalira tili achichepere, ndipo pa maliro awo mayi anawagwira dzanja a Lameki mpaka kumanda, anawapatsa dothi kuti aponye. Ndinati, “Inde, ngati abambo.” Munthu amene ankati sangamve za imfa anali akuidziwa kuyambira kalekale.

Kumanda anachita zonse zimene amalume ankaopa. Anakuwa mpaka mbalame zinauluka m'mitengo, anagubuduzika, anakumbatira mtumbira, anaitana amayi mobwerezabwereza mpaka mawu anasasa. Palibe amene anawagwira kapena kuwakoka. Mkulu wa adzukulu anavula chipewa. Ine, amene ndinali ndisanalire mayi anga pamanda pawo, ndinagwada pambali pawo tinalira limodzi, ndipo a Nasimango, mdani wa mayi uja, analira kuposa makwaya onse a tsiku la maliro. Atatopa, achimwene anatapa dothi m'manja, analithira pamtumbira, anadzipukuta n'kuyamba okha ulendo wa kunyumba. Titafika anatenga kampando, anakhala pabwalo, analoza mutu wawo. Bambo a kunyumba anawameta, iwo ali phee.

Sabata yotsatira tinapita nawo kuchipatala chija. Adokotala omwe aja amwano anatsuka balalo ndi manja awo, akucheza ndi a Lameki eni ake, osati ndi ine. Anatilangiza kuti chingwe ndi loko zisadzaonekenso, tiziwauza zoona m'mawu ochepa, tiziwafunsa asanachitiridwe kanthu, ndipo akafuna kuyenda wina ayende nawo m'malo mowaletsa. Tinayamba tsiku lomwelo. Tinawafunsa kumene akufuna kukhala, chinthu chimene chimwalirireni mayi panalibe anachiganizira. Anati m'nyumba ya amayi. Bambo a kunyumba anavomera kuti tisamukire ku Ligowe, ndipo ndi kumene tili mpaka lero.

Sindikunamizani kuti zonse zinakhala myaa. Pali masiku amene chisoni chimawabwerera, amakalipa, amakana kudya, amapita kukakhala pa mwala wa pamphambano. Zikatero mmodzi wa ife amatenga chikho cha madzi n'kukakhala nawo mpaka atafuna okha kubwerera. Pakati pa msewu sanaimenso. Nyengo ya mananchesi amasenzera dengu a Nasimango, amene amawakalipira ndi kuwagawira mbatata yootcha monga ankachitira mayi. Chipsera cha neti chilipo pakakolo, sichidzachoka. Mbuzi ya mayi inaswa, ndipo amaidyetsa ndi iwo. Koma mneneri uja akadali kutsidya ndi matcheni ake, ndipo kumeneko kuli ana a anthu amene sanapeze a Nasimango awo. Amenewo musawaiwale m'mapemphero, ndipo amene muli ndi mawu kwa akuluakulu a boma, lankhulani.

Mvula yotsatira azakhali anamwalira. Amalume anakhala pakati pa amuna pansi pa mtengo, suti yakuda ija ili m'thupi, nkhope ili gwa, akulandira anthu ngati ali pamsonkhano. Nthawi ino panalibe wolimba mtima kunena kuti a Lameki achotsedwe. Anathandiza kutunga madzi a adzukulu, kenako ndinawaona akudutsa pakati pa anthu molunjika kwa amalume. Chichotsereni chingwe anali asanawayandikirepo. Anakhala pansi pambali pawo, anawagwira dzanja, n'kunena mokweza anthu onse akumva, “Amalume, azakhali sanapite kuboma. Amwalira. Lirani, ine ndikhala nanu.”

Amalume anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa anayamba kunjenjemera, ndipo achimwene sanawasiye dzanja mpaka bokosi linanyamulidwa. Ine mpaka lero ndikulimbanabe ndi mtima wanga kuti ndiwakhululukire amalumewo. Amene ankamutcha chidzete ananditsogolera kale.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa lamwano la kudimba kudzera mwa mayi wa fodya wa m'mphuno. Inu amene muli ndi m'bale ngati a Lameki, ndikudziwa kutopa kwanu, musafooke ndipo musaleke kupemphera. Koma ngati kuseri kwa nyumba yanu kuli munthu wa chingwe kumwendo, musanagwade n'komwe, pitani mukamasule, mukhale naye pansi, mumufunse chimene akufunafuna kumsewu. Ambuye akhale nanu nonse. Ameni.